Kabula ndi Lilongwe M'maso mwa Mlendo

Akuluakulu akale adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ponena mawu amenewa iwo ankatanthauza kuti munthu wochokera kutali amatha kuona zinthu zimene eni mudzi adaleka kuziona kalekale kaamba kozizolowera. Mwini nyumba saona mng'alu umene uli pakhoma lake, pakuti amaudutsa m'mawa ndi madzulo, koma mlendo akangokhala pamkeka maso ake amayamba agwera pomwepo. N'chifukwa chake mkangano wa pakati pa mzinda wa Blantyre, umene ena amautcha Kabula, ndi mzinda wa Lilongwe, mkangano umene eni ake alephera kuuthetsa kuyambira m'chaka cha 1975, uyenera kutulidwa m'manja mwa mlendo kuti ndiye aweruze.

Mkanganowu ngodziwika kwa aliyense amene adakwerapo basi ya pakati pa mizinda iwiriyi. A ku Blantyre amati Lilongwe ndi mudzi waukulu umene adangouveka jekete, malo a fumbi kumene munthu amapita kukasainitsa makalata n'kubwerako tsiku lomwelo. A ku Lilongwe nawo amati Blantyre ndi nkhalamba imene imangokhalira kusimba za unyamata wake, chonsecho nyumba zake zikugwa ndipo ana ake akuthawira ku likulu kukafuna ntchito. Mizindayi ili ngati akazi awiri a pamitala. Wamkulu amanyadira kuti ndiye adayamba kulowa m'banjamo, pamene wamng'ono amanyadira kuti mwamuna pamodzi ndi nkhokwe adasamukira pakhomo pake.

Mlendo amene akunenedwa pano si bwana wofika pa ndege, amene galimoto imakamutenga ku Chileka kapena ku Lumbadzi n'kukamutula pakhomo pa hotela, pakuti munthu wotere amangoona nkhongo ya dalaivala. Woyenera kuweruza mlanduwu ndi uja wotsika basi ndi kachikwama m'manja, wokhala ndi masiku atatu okha ndi ndalama zowerengeka, amene miyendo yake ndiyo galimoto yake. Iyeyu amafika ndi mafunso atatu mumtima. Kodi angathe kupeza njira popanda kusokera? Kodi mzindawo ungamuuze kumene udachokera? Kodi akachoka adzalakalaka kubweranso? Pa mafunso atatu onsewa Blantyre ndiye amayankha bwino koposa. Koma a ku Blantyre asafulumire kuimba nthungululu, pakuti chuma chimene akupambana nacho ncha makolo, ndipo akuchidya osabwezerapo kanthu.

Chinthu choyamba chimene mlendo amaona pofika ku Blantyre ndi mapiri. Phiri la Michiru lili chakumadzulo, la Ndirande chakumpoto, la Soche chakummwera, ndipo kuseri kwa Limbe kuli Mpingwe ndi Bangwe. Mapiri amenewa ndi alangizi a njira amene safuna malipiro. Munthu amene wangogona usiku umodzi mumzindawu akatuluka m'mawa n'kukweza maso, amadziwa kumene wayang'ana ndi kumene akupita. Misewu imakwera ndi kutsika motsata zitunda, mwakuti pamwamba pa chitunda chilichonse mbali ina ya mzinda imaonekera poyera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chimakuta mapiriwo ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo mlendo amene adadza ndi malaya amodzi amamvetsa msanga chifukwa chake azungu oyamba adasankha malo okwera ndi ozizira ameneŵa, kutali ndi kutentha ndi udzudzu wa kuchigwa cha Shire.

Pa funso lachiwiri lija Blantyre sachedwa kuyankha, pakuti mbiri yake ili m'mbali mwa msewu. Depoti ya basi ya Wenela yokha ili ndi nkhani yake, popeza dzinali nla bungwe lija limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni. Kuchokera pamenepo mlendo amayenda pang'ono chabe n'kufika pamishoni. Apa ndi pamene mzinda udayambira m'chaka cha 1876, pamene amishoni a mpingo wa ku Scotland, atalozeredwa malo ndi Henry Henderson, adakhazikika m'dziko la mfumu Kapeni natcha malowo Blantyre pokumbukira mudzi umene David Livingstone adabadwira. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chikadaima pomwepo. Adachimanga pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu amene sadaphunzirepo za zomangamanga, ndipo njerwa zake adaziumba, kuziotcha ndi kuziyala ndi anthu akuda a komweko. Mlendo akaima pansi pa nsanja zake n'kuona mmene njerwazo adazilukira ngati dengu, safunanso buku lomuuza kuti manja a makolo a dziko lino adali aluso.

Akadutsa pakati pa tauni, n'kutsika msewu wa Victoria Avenue, mlendo yemweyo amakafika ku nyumba ya Mandala, imene idamangidwa m'chaka cha 1882 ndi kampani ya African Lakes ya abale awiri John ndi Frederick Moir. Dzina la Mandala lidachokera ku magalasi a m'maso amene John Moir ankavala. Kunali ku Mandala komweko kumene anthu a John Chilembwe adafika usiku m'mwezi wa Januwale 1915 kudzalanda mfuti. Mumzinda womwewu mudabadwira chipani cha Nyasaland African Congress m'chaka cha 1944, ndipo pa bwalo la ndege la Chileka ndi pamene Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pa 6 Julayi 1958. Chipatala cha Queen Elizabeth, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, khoti lalikulu la apilo ndi bwalo la masewera la Kamuzu, zonsezi zidandandalikana m'mbali mwa msewu umodzi wopita ku Limbe. Munthu amene wayenda msewu umenewu tsiku limodzi amakhala atawerenga theka la mbiri ya Malawi ndi mapazi ake.

Izi sizidachitike mwangozi. Blantyre adakula pa nthawi imene katundu ankayenda pamutu. Sitima za pamadzi zinkalekeza kwa Katunga, kumunsi kwa mathithi a Shire, ndipo amtengatenga ankasenza katunduyo kukwera naye mapiri, kudutsa ku Blantyre mpaka ku Matope kumene mtsinje umayendekanso. Njanji idafika m'chaka cha 1908, ndipo Limbe adamera pafupi ndi siteshoni ndi fakitale ya fodya, mpaka matauni awiriwa adaphatikizidwa m'chaka cha 1956. Amwenye adamanga masitolo awo moyandikana, khonde kugundana ndi khonde. Mzinda umene udakula anthu akuyenda pansi umakhala wa msinkhu wa munthu. Sitolo imayandikana ndi banki, banki ndi positi ofesi, positi ofesi ndi msika, ndipo mlendo amatha kumaliza zofuna zake zonse dzuwa lisanafike paliwombo.

Tsono mlendo uja amakwera basi yopita kumpoto, ulendo wa makilomita oposa 300. Amadutsa pa Lunzu, amawoloka Shire pa Zalewa, amakwera zitunda za Ntcheu, amagula mbatata ya kachewere ndi kabichi pa Lizulu, ndipo akapitirira mapiri a Dedza dziko limatambasuka ngati mphasa. Lilongwe adakhala pakati pa chidikha chimenechi, ndipo palibe phiri lomuyandikira limene mlendo angalozere. Basi imamutula ku Old Town, pakati pa phokoso la msika, maminibasi ndi akabaza. Akafunsa kumene kuli pakati pa mzinda amauzidwa kuti akwere galimoto ina, pakuti City Centre ili makilomita angapo chakumpoto, kutsidya la nkhalango ndi mtsinje wa Lingadzi. Akafika kumeneko amapeza nyumba zazitali zoima patalipatali, pakati pake pali udzu ndi mabwalo oimikapo magalimoto, ndipo amafunsanso kachiwiri kumene kuli pakati pa mzinda.

Chimene chimamusokoneza koposa ndi manambala. Madera ambiri a Lilongwe amadziwika ndi nambala, koma manambalawo satsata kakhalidwe ka malo. Area 24 ili kummwera kwa mzinda, pamene Area 25 ili kutali kumpoto, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Area 10 idayandikana ndi Area 43. Mlendo amene adaphunzira kusukulu kuti 25 amatsatana ndi 24 amatha kutaya tsiku lathunthu ndi ndalama za chakudya chake poyesa kutsata nzeru imeneyi. Safunsa adadya phula, koma ku Lilongwe ngakhale wofunsa amatha kudya phula, pakuti womuyankhayo amamulozera nambala ina. Nambala siuza munthu kanthu za amene adakhalapo kale kapena za mtsinje umene uli pafupi. N'chochititsa chidwi kuti kumene kumakhala anthu wamba maina sadafe. Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Chinsapo ndi Mtandire akadamvekabe m'kamwa mwa anyamata oitanira maminibasi, ndipo kumeneko n'kumene mlendo amayamba kumva kuti wafika pakati pa anthu.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake Lilongwe ali chonchi, ayenera kudziwa mmene adabadwira. Kwa zaka zambiri adali boma laling'ono la atsamunda ndi msika wa alimi a fodya a m'chigawo chapakati. Pa kalembera wa 1966 munali anthu osakwana 20,000, pamene ku Blantyre kudali oposa 100,000. M'chaka cha 1965 boma la Dr Banda lidatsimikiza zosamutsa likulu. Dziko la Britain lidakana kuthandiza, ndipo ndalama zoyambira ntchito, zokwana 8 miliyoni randi, zidabwerekedwa ku South Africa m'chaka cha 1968, chaka chomwe bungwe lomanga likulu la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa. Mapulani adagawa mzinda m'zigawo zinayi, za Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, zolekanitsidwa ndi nkhalango ndi madambo. Amene adajambula mapulani oyambawo adachokera ku South Africa, dziko limene pa nthawiyo linkalekanitsa malo okhala anthu poona khungu. Ku Lilongwe chimene chidalekanitsa anthu ndi thumba. Olemera adapatsidwa mapoloti aakulu pafupi ndi maofesi, osauka adaikidwa kutali, ndipo mtunda wa pakati pawo adauyeza ndi galimoto m'dziko limene anthu ambiri alibe galimoto.

Apa pali chinthu chimene okangana a mbali zonse ziwiri amaiwala. Likulu limene lidasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975 lidachokera ku Zomba. Blantyre sadakhalepo likulu la boma, motero palibe mpando umene Lilongwe adamulanda. Ndiponso munthu wachilungamo sangatsutse kuti kusamutsako kudali kwanzeru. Kale maofesi a boma, njanji, mafakitale ndi masukulu aakulu zidaunjikana kummwera, ndipo munthu wa ku Chitipa kapena ku Karonga ankayenda pafupifupi dziko lonse kuti akaonane ndi boma lake. Lilongwe adagawa mtundawo pakati. Njanji idamufika m'chaka cha 1979, Nyumba ya Malamulo idachoka ku Zomba dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri m'chaka cha 1994, ndipo idalowa m'nyumba yakeyake m'chaka cha 2010. Anthu nawo adavota ndi mapazi awo mwa kusamukira kumene kuli ntchito. Pa kalembera wa 2008 Lilongwe adapitirira Blantyre kwa nthawi yoyamba, ndipo pa kalembera wa 2018 ku Lilongwe kudapezeka anthu 989,318 pamene ku Blantyre kudali 800,264.

Mlendo woleza mtima amapezanso zabwino zimene Blantyre alibe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi mizinda yowerengeka imene ili ndi nkhalango yachilengedwe pakati penipeni, m'mene munthu angamve kulira kwa mbalame ali pafupi ndi maofesi a nduna. Pali malo opumira, pali mitengo ya mthunzi m'mbali mwa misewu, ndipo thambo limaoneka lonse kuyambira kotulukira dzuwa mpaka kolowera. Chiliza cha Kamuzu, chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 2006, ndi bwalo la masewera la Bingu la m'chaka cha 2017 ndi zinthu zimene mlendo amakasimba kwawo. Ku Old Town nako kuli moyo wosachita kufunsa. M'msewu wa Malangalanga ndi pa Bwalo la Njobvu mumagulidwa chilichonse, kuyambira mtedza wa ku Mchinji mpaka nsomba za ku Salima, ndipo ku Mchesi amisiri a matabwa amapala mipando ndi mabedi panja, m'maso mwa aliyense wodutsa. Choipa n'chakuti Lilongwe amabisa zabwino zakezi kwa munthu woyenda pansi, pakuti kuchoka pa chimodzi kufika pa chinzake ndi ulendo wolipira.

Funso lachitatu, lakuti kodi mlendo adzalakalaka kubweranso, limayankhidwa madzulo ndi Loweruka. Ku City Centre maofesi akatsekedwa anthu amabalalika, aliyense kulowera ku nambala yake, ndipo m'madera a olemera mlendo amangoona mipanda ya njerwa, zipata zachitsulo ndi alonda. Pakati pa tauni ya Blantyre napo pamazizira usiku, koma Ndirande, Mbayani, Zingwangwa ndi Chilomoni ali pafupi, mwakuti dzuwa likapendeka misewu imadzaza ndi khamu la anthu obwerera kwawo pansi, akucheza ndi kugula ndiwo m'njira. Tsiku limene Bullets ikumana ndi Wanderers mzinda wonse umagawika pakati, ofiira uku abuluu uku, ndipo ngakhale mlendo amene sadziwa za mpira amakakamizidwa kusankha mbali asanamalize kumwa tiyi. Lilongwe ali ndi bwalo lalikulu koposa ndi matimu amphamvu monga Silver Strikers, koma ambiri mwa okhala mumzindawo adabwera ndi matimu awo mumtima kuchokera kwina. Munthu wa ku Lilongwe akafunsidwa kwawo kawirikawiri amatchula Rumphi, Dowa kapena Thyolo. Ku Blantyre n'kosavuta kupeza munthu wa imvi amene amayankha kuti kwawo ndi ku Ndirande, osawonjezapo kanthu.

Mpaka pano mlandu ukukomera Blantyre, koma kalumo ka mlendo kamameta mbali zonse. Mlendo yemwe uja amene adagoma ndi tchalitchi cha 1891 amaonanso nyumba za masitolo zimene sizidalaweko penti kwa zaka zambiri, zina zitajambulidwa nyenyezi yofiira kusonyeza kuti nzoyenera kugwetsedwa, koma zikadali chiimire, osakonzedwa, osagwetsedwa. Amapunthwa m'tinjira ta oyenda pansi timene tidakumbika. Akawoloka mtsinje wa Mudi amagwira mphuno, pakuti zonyansa za m'mafakitale ndi za m'nyumba zidausandutsa ngalande. Amamva kwa amalonda kuti mabungwe ndi makampani ambiri adasamutsira maofesi awo ku likulu, kufupi ndi boma ndi akazembe a maiko akunja. Pafupifupi chilichonse chimene Blantyre amaonetsa mlendo monyadira chidamangidwa ndi anthu amene adagona kalekale. Mlendo akafunsa chimene mbadwo uno wawonjezapo choti adzukulu adzaonetse alendo awo, yankho limachedwa kubwera.

Choopsa koposa chili pa mapiri aja amene amalozera mlendo njira. Nkhalango ya phiri la Ndirande idatha m'zaka za m'ma 1990. Ku Soche nyumba zidakwera mpaka m'mapheto a phiri, ndipo ku Michiru nkhwangwa za ootcha makala zalowa m'kati mwa malo otetezedwa. Malipiro ake adaoneka m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa mvula ya masiku angapo ndipo napolo adatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Amene adafa kumeneko adali anthu osauka amene adamanga pamalo oopsa kaamba kosowa pena pomanga pafupi ndi ntchito zawo. Madzi akumwa nawonso ndi mtolo wolemera, pakuti ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera mamita oposa 700. Magetsi akazima mipopi ya m'madera okwera imauma. Mapiri omwewo amene amakongoletsa Blantyre ndiwo amamupanikiza, ndipo iye wawabwezera ndi nkhwangwa.

Lilongwe naye asaseke, pakuti nthenda yomweyo yamuyamba. Madzi ake amachokera ku mtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake lili m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo makala amene amaphikira nsima mumzindawo adadya nkhalangoyo mpaka boma lidachita kutumizako asilikali kukailondera. Madambo ndi malo a mitengo amene mapulani adasiya dala kuti mzinda uzipumirapo akudzaza ndi nyumba ndi masitolo. Misewu yotakasuka imene yamangidwa m'zaka zaposachedwa yathandiza a magalimoto, koma mayi wosenza dengu amene akufuna kuwoloka msewu wa mizere ingapo amaima nthawi yaitali moyo uli m'manja. Ndipo mlendo amene angaime pamalire a Area 47 ndi Mtandire, uku nyumba za mipanda ndi kapinga, uku nyumba zothinana ndi tinjira tafumbi, amaona ndi maso mmene mapulani a 1968 adagawira anthu.

Komabe zolakwa za mizinda iwiriyi sizilingana. Cholakwa cha Lilongwe ncha pa pepala, ndipo chimene chidalembedwa pa pepala chingathe kukonzedwa. Malo akadalipo. Mipata imene ili pakati pa nyumba za ku City Centre ingathe kudzazidwa ndi masitolo, nyumba zogona ndi misika yaing'ono, kuti anthu azikhala pamene amagwira ntchito. Tinjira ta oyenda pansi ndi a njinga tingathe kulambulidwa, madera angathe kupatsidwa maina, ndipo mabasi oyenda pa nthawi yake angathe kulumikiza zigawo zinayi zija. Cholakwa cha Blantyre ncha kulekerera, ndipo zimene akutayazo nzosabwezereka. Nyumba ya zaka 100 ikagwa, ndalama zingamange ina pamalo pomwepo, koma sizingaibwezere zaka zake. Dothi la m'phiri likakokoloka mpaka kutsala thanthwe, mbande za mitengo zimasowa pogwira. Madzi akatayika saoleka.

Ena adzati maganizo a mlendo ngopepuka, pakuti iye ndi mame, amakamuka dzuwa likatuluka, pamene mwini mzinda amafuna ntchito, madzi ndi poloti yomangapo, osati matchalitchi akale ndi mapiri okongola. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo chiwerengero cha anthu osamukira ku Lilongwe chikuwachitira umboni. Koma onena izi aiwala kuti mlendo woyenda pansi amakumana ndi zomwezo zimene eni mzinda ambiri amakumana nazo tsiku ndi tsiku. Mlonda wochokera ku Chinsapo, wantchito wa m'nyumba wochokera ku Mtandire, mayi wogulitsa mandasi wochokera ku Bangwe, onsewa amayeza mzinda ndi miyendo ndi ndalama za minibasi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adazolowera ndipo adaleka kudandaula. Mzinda umene mlendo angauyende osasokera, osapunthwa ndi osaopa galimoto ndi womwewo umene mwana wa sukulu ndi nkhalamba angauyende mwamtendere.

Motero mkangano wakuti wamkulu ndani ngwachabe, popeza ntchito za mizindayi zidagawika kale. Boma, Nyumba ya Malamulo, banki yaikulu ndi akazembe zili ku Lilongwe. Khoti lalikulu la apilo, msika wa masheya ndi mafakitale akale zili ku Blantyre. Chimene chili chofunika n'chakuti aliyense aphunzire kwa mnzake chimene iye alibe. Lilongwe aphunzire kwa Blantyre kuti mzinda umafuna pakati pake, pamalo pamene olemera ndi osauka amakumana akuyenda, ndiponso kuti dzina limasunga mbiri imene nambala singasunge. Blantyre aphunzire kwa Lilongwe kuti mzinda umafuna mapulani ndi malo osiyidwa dala, ndiponso kuti munthu wosauka akapanda kupatsidwa pomanga adzamanga m'phiri. Akhonsolo, amalonda ndi mipingo ya ku Blantyre ali ndi udindo wosunga nyumba zakale ndi kubwezeretsa mitengo m'mapiri nthawi ikadalipo, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsono masiku atatu aja akatha mlendo amamanga kachikwama kake. Akafunsidwa kumene angapite kukafuna ntchito kapena kukagula poloti, mosakayika adzatchula Lilongwe. Akafunsidwa kumene angapite ndi mwana wake kuti akamuonetse dziko la Malawi, adzatchula Blantyre, ndipo pa mlandu umene adapatsidwa kuti aweruze, yankho lachiwirili ndilo lolemera. Mkazi wamkulu wapambana lero, koma wapambana ndi mikanda imene adamusiyira amayi ake, ndipo ulusi wake wayamba kuduka. Wamng'ono akadali ndi bwalo lalikulu losasesa ndi nthawi yokwanira yolikonza. Mlendo amene adzatsike basi pa Wenela zaka 30 zikubwerazi adzakweza maso kufuna Michiru, Ndirande ndi Soche, ndipo chimene adzaone pamapiripo ndicho chidzanene ngati chiweruzo cha lerochi chidzakhale chikadaima.